Mpando wa abwana uja si mankhwala a msana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Akuti amagwira ntchito ya maakaunti ali pakhomo, maola 8 pena 9 pa laputopu, atakhala pampando wa pulasitiki uja timabwereka pa zinkhoswe. Ikamakwana 3 koloko chiuno chimakhala chikuwotcha, khosi lauma gwa, nde akufunsa ngati n'zoyenera kuwononga ndalama pa mipando ija akuiona pa intaneti yomwe amati ergonomic, kutanthauza yopangidwa mogwirizana ndi thupi la munthu.

Achemwali, wa pulasitikiwo ubwezeni kaye pakhonde, umenewo ndi wa alendo. Koma musathamangirenso ku Limbe kukanyamula chimpando chakuda chachitali chija chachikopa chabodza, ambirife timagwa nacho m'chikondi chifukwa chimaoneka cha abwana basi. Ineyo ndinagulapo chimodzi, kutentha kwa Okutobala kutafika malaya amachita kumatirira kumsana, chaka chisanathe chikopacho chinayamba kusupuka ngati mbatata yowotcha, ndipo msana umapwetekabe chimodzimodzi. Mawu oti ergonomic aliyense atha kulemba pa katoni, chofunika n'choti mpandowo uzitheka kuusintha kuti ugwirizane ndi thupi lanu, osati inuyo kumadzipinda kuti mugwirizane ndi mpando.

Taonani mpando wa Aeron wa kampani ya Herman Miller uja anthu amautama kwambiri, unatuluka mu 1994, anaupanga Bill Stumpf ndi Don Chadwick. Ulibe siponji, ndi neti yokhayokha yoti mphepo izidutsa, ndipo umabwera m'masaizi atatu, A, B ndi C, poti matupi a anthu safanana. Watsopano umadutsa madola 1,000, musanawerengere transipoti ndi msonkho, nanga forex yake mukaipeza kuti masiku ano? Sindikunena kuti mugule umenewo ayi, ingotengani nzeru yakeyo: neti kumsana, komanso saizi yokukwanani.

Mukalowa mushopu musachite manyazi, khalanipo mphindi 10 zathunthu ngakhale wogulitsa akuyang'aneni moipa. Tsamirani mpaka kumbuyo kwenikweni. Mapazi afike pansi bwinobwino, mawondo akhale mulingo umodzi ndi chiuno kapena kutsikirako pang'ono, ndipo pakati pa mlomo wa mpando ndi kuseri kwa bondo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu, apo bii uzikudinani mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako mvetserani kumunsi kwa msana, pamwamba pa chiuno pomwe msana umalowa mkati, pamenepo mpando uzikukhudzani, ndipo zimakhala bwino kwambiri kachotsamirako kakamakwera ndi kutsika. Moika mikono namo musamakukwezeni mapewa ngati munthu wozizidwa ndi chiperoni. Miyendo ya pansi ikhale isanu ya matayala. Ngati ndi wakale wa pa okushoni, omwe nthawi zina amakhala olimba kuposa atsopano otchipawa, ukwezeni mpaka pamwamba nkukhalapo phee muone ngati sukutsika wokha, poti kapampu ka gasi kaja ndi komwe kamayamba kufa.

Tsono pali nkhani ina simunafunse koma ndikukayika kuti ndi imene ikukupwetekani khosi, laputopuyo. Sikirini yake ili pansi, tsiku lonse mumakhala chowerama ngati mukusankha mpunga, ndiye olo mutagula mpando wa ndalama zingati khosi silingasiye. Isanjikeni pa mabuku mpaka m'mphepete mwa pamwamba mwa sikirini mufanane ndi maso anu, patali ngati kutalika kwa mkono, nkugula kiyibodi ndi mausi zapadera, izi n'zotchipa kwambiri poyerekeza ndi mpando. Matebulo ambiri amakhala pafupifupi masentimita 75, kwa munthu wamfupi n'ngaatali, nde kwezani mpando kuti zigongono zipindike ngati L, mapazi akalendewera kalipentala aliyense wa ku Ndirande akukhomerani kabokosi kopondapo tsiku lomwelo. Podikira ndalama ya mpando, pindani thaulo kapena chitenje ngati nkhata yayitali muike kumunsi kwa msana pampando wa matabwa wa pa tebulo lodyera, zimathandiza ndithu.

Ndipo muzidzuka. Mphindi 30 kapena 40 zilizonse imirirani, kadziwongoleni, ine botolo la madzi ndimalisiya dala kukhitchini kuti ludzu lizindinyamula, poti ntchito ikakoma munthu umaiwala kuti uli ndi thupi.

Chomaliza achemwali, simunanene ngati ululuwo umathera m'chiuno momwemo. Ngati ukutsikira m'mwendo, kapena phazi likuchita dzanzi losatha, kapena mwendo ukufooka, za mipandozi ziyembekeze kaye, pitani ku Queens akakuoneni madokotala ndi a physio, aja othandiza mavuto a minofu ndi mafupa. Mukabwerako mundilemberenso, mundiuzenso kutalika kwanu ndi kwa tebulo lanulo kuti tione mpando wake ungakhale wotani.