Mwana akufuna kukaphunzira za nkhalango: yankho kwa bambo a ku Domwe

Bambo wina wa ku Domwe, m'boma la Angónia, wandilembera mtima uli m'mwamba. Mwana wawo wamkazi akumaliza 12ª classe chaka chino ndipo wakana za unamwino zimene banja linamukonzera. Akuti akufuna kukhala wofufuza za nkhalango, minda ndi kusintha kwa nyengo. Funso la bambowo ndi ili: "Tagulitsa kachewere ndi fodya zaka zonsezi kuti mwana achoke kumunda. Lero akuti akufuna kubwerera kutchire. Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudya nayo, kapena tikungotaya ndalama?"

Bambo, nkhawa yanu ndaimva, ndipo si yopanda pake. Unamwino mukuudziwa, ndi fodya wa pamphuno, pamene zinazi mukuziona ngati fodya wa pachala amene mphepo ingathe kuulutsa. Koma musanamukanize mwanayu, ndiloleni ndikuonetseni chimene anthu a ntchitoyi amachita tsiku likacha, chifukwa ambiri tikamva za nkhalango timangoganiza za fiscal uja wolanda makala pamsewu. Wofufuza ndi munthu wina.

Amalowa m'nkhalango ya miombo ndi anzake atatu kapena anayi, atanyamula GPS, tepi, penti ndi kope. Akafika pamene mapu awalozera amakhoma zikhomo n'kuzunguliza chingwe, ndipo mtengo uliwonse wa m'kati mwa chingwecho uyenera kulowa m'kope: dzina lake, kutalika kwake, kunenepa kwake. Kunenepako sayeza paliponse ayi. Amayeza pa mita imodzi ndi masentimita 30 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu, kuti woyeza wa ku Furancungo ndi wa ku Niassa azilankhula chimodzi. Tepi ikazungulira mombo n'kuonetsa masentimita 94, amagawa ndi 3.14 n'kupeza kuti thunthulo ndi la masentimita 30 kuchokera mbali ina kufika inzake. Nambala imeneyo, pamodzi ndi kutalika kwa mtengo, imalowa m'masamu amene amanena kulemera kwa mtengowo utauma, ndipo pafupifupi theka la kulemerako ndi kaboni amene mtengo unakoka mumpweya. Akatha amaukhomera kachitsulo ka nambala. Pakapita zaka zingapo amabweranso pa mtengo womwewo kudzaona ngati wakula, wapsa ndi lupsa, kapena pangotsala chitsa. Nkhupakupa zimaluma, njuchi zimathamangitsa anthu, ndipo kumunsi kuja cha ku Changara ndi Mágoè, kumene kuli tsanya ndi malambe, mu Okutobala dzuwa limapitirira madigiri 40. Akabwerako kumeneko amakhala pa kompyuta miyezi yambiri kuposa imene anakhala kutchire.

Mwina mukufunsa kuti ndani angalipire munthu chifukwa choyeza mitengo. Mu 2021 dziko lathu la Mozambique linakhala loyamba kulandira ndalama kuchokera ku thumba la World Bank lotchedwa FCPF, madola 6.4 miliyoni, chifukwa chochepetsa kutha kwa nkhalango m'maboma ena a ku Zambézia. Ndalama zimenezo sizinabwere chifukwa chakuti wina analankhula bwino pamsonkhano. Zinabwera chifukwa panali anthu otha kusonyeza ndi manambala, kuchokera pa zithunzi za satelayiti ndi pa miyezo ya m'nkhalango ngati imene ndafotokozayi, kuti mitengo yodulidwa yachepadi. Kalembera wa nkhalango za dziko lonse amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti tili ndi mahekitala pafupifupi 34 miliyoni a nkhalango. Malo onsewo amafuna owayeza mobwerezabwereza, ndipo anthu odziwa kutero si ambiri.

Za minda nazo simukuyenera kupita kutali kuti muzione. Konkuno ku Angónia, ku Ntengo Umodzi, bungwe la boma lofufuza za ulimi la IIAM lili ndi malo oyeserako mbewu. Mukadutsa pa malo oterewa mudzaona timinda ting'onoting'ono todulidwa mofanana, tili ndi zikwangwani: apa chimanga chokha, apa chimanga ndi soya, apa fetereza theka. Inu mukudziwa kale kuti chimanga cha pansi pa msangu chimakhala chobiriwira kuposa chinzake, ndiponso kuti msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphukira, motero suphimba mbewu. Agogo anu ankadziwanso zimenezo popanda sukulu. Wofufuza amawonjezera funso limene agogo sakanatha kuyankha: mtengowo ukulowa m'malo mwa fetereza wochuluka bwanji, pa dothi lotani, patapita zaka zingati? Ku Makoka, kufupi ndi Zomba ku Malawi, a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anatha zaka zoposa khumi akulima chimanga pakati pa mitengo ya gliricidia pa minda yomweyomweyo kuti apeze yankho lodalirika pa funso ngati limeneli. Pali akale amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sindidziwa ntchito ina imene mwambiwu umaikhala bwino kuposa iyi. Komanso, bambo, zigafa za fodya wanu zimadya mitengo chaka ndi chaka. Makampani ogula fodya amalemba anthu a zamitengo pa chifukwa chomwecho.

Za nyengo sindichulukitsapo mawu, poti tonse tinaona mlatho wa pa Revúbuè utaduka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndipo tinaonanso chimanga chikufota ndi chilala cha El Niño mu 2024. Amene amatsata zimenezi ndi a INAM, bungwe la boma loona za nyengo, ndi ofufuza a m'mayunivesite. Njira yake ndi yopapatiza kuposa zinazo, imafuna mwana wakuthwa pa Física ndi Matemática, ndipo maphunziro a Meteorologia ali ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo.

Tsopano za sukulu. Mwayi umene muli nawo inu a ku Angónia ndi woti yunivesite ya UniZambeze ili ndi Faculdade de Ciências Agrárias pa Ulongwe pomwepa, kumene amaphunzitsa za ulimi ndi ziweto. Mwana angathe kuphunzira ali kufupi ndi kwawo, ufa ndi nyemba zikuchokera kunyumba, ndipo zimenezo zimapeputsa thumba kwambiri. Koma ngati mtima wake uli pa nkhalango penipeni, Engenharia Florestal akaipeza ku Mocuba pansi pa UniZambeze yomweyo, ku Unango m'chigawo cha Niassa pansi pa UniLúrio, ku sukulu ya ukachenjede ya ISPM ya ku Manica, kapena ku faculdade ya Agronomia e Engenharia Florestal ya Eduardo Mondlane. Za chilengedwe, UniZambeze ili ndi faculdade ina ku Chimoio. Musadalire zimene wanena mnzanu pamsika za mayeso olowera. Edital ya chaka chimenecho, chilengezo chimene yunivesite imatulutsa, ndiyo imanena maphunziro oyenera kulemba, tsiku lotseka ndi malo amene alipo, ndipo zimenezi zimasintha. Aiwerenge yekha mwanayo, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Afunsenso za bolsa, thandizo la ndalama za sukulu, ku yunivesiteko ndi ku Instituto de Bolsas de Estudo nthawi isanathe.

Pano pali mfundo imene sindifuna kukubisirani. Licenciatura, digiri yoyamba ya ku yunivesite, payokha siipanga munthu kukhala wofufuza. Ndi licenciatura mwana wanu angapeze ntchito ya ulangizi ku SDAE (ofesi ya boma yoona za ulimi ndi zachuma m'boma lililonse), ku kampani ya mbewu kapena ya fodya, ku mabungwe, ku Parque Nacional do Mágoè, ngakhale ku migodi ya ku Moatize, kumene lamulo limafuna anthu oona za chilengedwe ndi kubwezeretsa malo okumbidwa. Zonsezi ndi ntchito zabwino. Koma kuti afike potsogolera kafukufuku wakewake pamafunika mestrado, kawirikawirinso doutoramento, ndiye muwerenge zaka pafupifupi khumi kuchokera pamene wamaliza 12ª. Chotonthoza n'chakuti maphunziro a pamwambawo nthawi zambiri salipira ndi makolo. Amayendera mabolsa, monga a DAAD a ku Germany, a Commonwealth, kapena a RUFORUM. Ku Gorongosa kulinso mestrado ya Biologia da Conservação imene ana a dziko lino amaphunzira ali m'paki momwemo.

China chowawa ndi chakuti ntchito zambiri za kafukufuku zimayendera mapulojekiti a zaka ziwiri kapena zitatu. Mnyamata wina amene ndinamulangizapo anagwira bwino ntchito ku bungwe lina, koma ndalama za pulojekiti zitatha anakhala pakhomo miyezi yambiri akudikira yankho limene silinabwere, mpaka anayamba kuphunzitsa pa sukulu ina kuti apeze sopo. Anadzabwereranso m'ntchitoyo chifukwa cha luso limodzi: ankadziwa kupanga mapu pa kompyuta. Namwino wa boma sakumana ndi zoterezi, n'zoona. Koma ndaonanso ana olowa unamwino mokakamizidwa akusiyira panjira ndalama zitapita kale, ndipo pa zotayika ziwirizi, yachiwiriyi ndiyo imandipweteka kwambiri.

Mwatchulanso zoti ndi mwana wamkazi, kutchire kungamuvute. Mmodzi mwa akatswiri odziwika kwambiri pa nkhalango za miombo m'chigawo chino cha Africa ndi mayi wa dziko lathu lomweli, Pulofesa Natasha Ribeiro wa ku Eduardo Mondlane, amene watha zaka zambiri akufufuza za moto m'nkhalango za ku Niassa. Palinso bungwe la AWARD ku Nairobi lothandiza amayi ofufuza za ulimi. Magulu opita kutchire amayenda angapo, ndipo amayamba afika kwa amfumu. Ndi bwino kufunsa za chitetezo, koma chisakhale chifukwa chomutsekera chitseko.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, mwana wanga, poti ndikudziwa kuti uwerenganso.

Kukonda mitengo sikukwanira. Ndakumana ndi ana ambiri onena kuti amakonda chilengedwe, koma akaona Estatística amatuluka thukuta. Ntchito ukuifunayi ndi ya kuwerengera ndi kulemba. Ngati Matemática umangoyilambalala, yamba lero kulimbana nayo. Chingerezi nachonso usachitenge ngati phunziro longodutsa. Malipoti ambiri a sayansi amalembedwa m'Chingerezi, mabungwe ngati CIFOR-ICRAF, amene malikulu ake ali ku Bogor ku Indonesia ndi ku Nairobi, amagwira ntchito m'Chingerezi, ndipo mafomu a mabolsa akunja ndi momwemonso. Iwe uli pamalire, wailesi za ku Malawi zimamveka kwanu, ndipo Dedza ndi pafupi kuposa mzinda wa Tete. Gwiritsa ntchito mwayi umenewo. Ukapeza kompyuta, ngakhale yobwereka, pulogalamu yopangira mapu ya QGIS ndi yaulere, ndipo zithunzi za satelayiti za Landsat ndi Sentinel-2 nazo ndi zaulere pa intaneti. Ukhoza kuona phiri la Domwe mmene linalili usanabadwe n'kuyerekeza ndi lero.

Usachite manyazinso ndi Chichewa chako ukafika ku yunivesite. Wofufuza wochokera ku Maputo kapena kunja akafika kumudzi kwanu amafuna womasulira, ndipo zambiri zimatayikira pakati. Mayi wokalamba akanena kuti masuku a chaka chino ndi ochepa, kapena kuti dambo lija linkasunga madzi mpaka mu Seputembala, kapena akasiyanitsa mombo ndi tsamba pongoyang'ana khungwa, iwe udzamva zonse popanda wokuuza, ndipo adzakuuza zimene mlendo sangamuuze. Amene ali ndi Chichewa, Chipwitikizi ndi Chingerezi, n'kuwonjezapo masamu, sasowa womuitana m'gulu la ofufuza.

Bambo, musagulitse ng'ombe lero, ndipo musamukanizenso lero. Muyeseni kaye ndi mvula ikubwerayi. Apeze chitini chowongoka, chofanana kukula kukamwa ndi pansi, achimangirire pa mtengo wozika pabwalo, kutali ndi denga ndi nthambi. M'mawa uliwonse, pa nthawi yomweyomweyo, aviike rula m'madzimo, alembe mamilimita m'kope, akhuthule. Milimita imodzi m'chitini ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Tsiku lopanda mvula alembe 0, asalumphe, chifukwa masiku ouma a pakati pa dzinja ndi amene amapha chimanga. Asankhenso mitengo 20 ya kumunda kwanu, aipatse manambala, aiyeze ndi tepi ya telala monga ndafotokozera muja, alembe mayina ake m'Chichewa. Pamene sakudziwa dzina afunse inu.

Inu ntchito yanu ndi kungoyang'ana, osamukumbutsa. Ngati pofika mu Januwale kope lili ndi mipata ya masabata, mudzakhala pansi n'kukambirananso za unamwino popanda kukangana. Ngati lidzafika mu Epulo lodzaza, ngakhale masiku a maliro ndi a malungo atapempha mng'ono wake kuti amuyezere, mudzanditumizire zithunzi za masamba ake. Tidzawonkhetsa limodzi mvula ya Domwe ya chaka chino, kenako tidzaona za ndalama ya ulendo wa ku Mocuba.