Geni ya maloboti a Gundam: mmene ndimawabweretsera kuchokera ku Joni

Achimwene, mwafunsa ngati mabokosi a maloboti a Gundam omwe mumandiona nawo ali ndi phindu, komanso mmene ndimawapezera ndi kuwadutsitsa pa boda. Phindu lilipo, koma iyi si geni yopikula mulu nʼkukayala pamsika. Ogula ndi ochepa, ndipo chomwe akufuna amachidziwa bwino kwambiri. Ine sindigula bokosi lomwe lilibe mwini wake wolidikira kumudzi.

Mʼbokosimo mulibe chidole chopangidwa kale. Muli tizidutswa ta pulasitiki tomangirira pa mafelemu, kabuku ka malangizo a zithunzi, ndi zomata. Wogula amadula kachidutswa kamodzikamodzi nʼkumalumikiza mpaka loboti itaima, ndipo zamasiku ano sizifuna guluu, zimangolowana zokha. Amapanga ndi a kampani ya Bandai ku Shizuoka, ku Japan. Anayamba mu 1980, patatha chaka katuni ya Gundam itayamba kuonetsedwa pa TV kumeneko. Okonda zimenezi amazitcha Gunpla.

Pomwe wogulitsa amaluzira ndalama ndi pa magiredi, kutanthauza magulu a malobotiwa potengera kukula ndi kapangidwe kake, ndiye apa mugwire bwino. HG (High Grade) ndi ya sikelo ya 1/144, kutanthauza kuti ndi yaingʼono ka 144 poyerekeza ndi loboti ya mʼkatuni, ikaima imafika masentimita 13 kapena cha pomwepo, ndipo ndi imene imayenda kwambiri chifukwa mtengo wake ndi wofikirika. RG (Real Grade) kukula kwake nʼchimodzimodzi, koma tizidutswa take nʼtambiri, tatingʼono kwambiri. MG (Master Grade) ndi 1/100, masentimita cha mʼma 18, ili ndi mafupa amkati omwe umayamba wamanga usanaiveke zakunja. PG (Perfect Grade) ndi 1/60, imakwana masentimita 30, ndipo bokosi lake lokha limadzaza chikwama. Loboti imodzi yomweyo imatuluka mʼmagiredi angapo, nthawi zina kangapo mʼgiredi imodzi. Munthu akangondiuza dzina lokha sindilandira oda. Anditumizire chithunzi cha bokosi pa WhatsApp, ine ndikafika mʼshopu ndimutumizirenso chithunzi ndisanalipire.

Ku Johannesburg kuli mashopu ogulitsa zinthu zotere, ndipo ambiri mutha kuodanso pa intaneti. Ndimaoda ndisananyamuke kuti katundu azindidikira. Vuto nʼloti a Bandai sapanga mitundu yonse nthawi imodzi. Amapanga mosinthanasinthana, ndipo mtundu ukatha mʼmashopu pamatha miyezi usanabwerenso. Kuyambira nthawi ya Covid mu 2020 kusowaku kunakula. Palinso zotchedwa Premium Bandai zomwe sizigulitsidwa mʼmashopu wamba. Zimenezo musalonjeze munthu.

Zachinyengo zilipo zambiri, makamaka zochokera ku China, ndipo mtengo wake umakopa. Pabokosi palibe chizindikiro cha Bandai, ndipo pamafelemu simupeza mawu oti MADE IN JAPAN. Tizidutswa tina timakana kulowana, tina timagwa tokha. Munthu yemwe wakhala madzulo angapo akumanga, kenako mkono nʼkumapendekeka, sadzabweranso kwa inu, ndipo anzake onse adzamva. Makampani ena a ku China amapanga maloboti awoawo osabera aliyense, ena abwino ndithu, koma muwagulitse ndi dzina lawo.

Pa ulendo, kumbukirani kuti theka la bokosi ndi mpweya. Ndi lopepuka koma limadya malo, ndipo onyamula pandege amawerenga kukula kwake, osati kulemera kokha. Nʼchifukwa chake ine ndimadzera pamsewu: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza. Mabokosi ndimawaika mʼkatoni yolimba, ndimaikulunga ndi pulasitiki kuopa mvula, ndipo ndimaimirira pomwepo akamapakira kuti isalowe pansi pa matumba. Makasitomala ena bokosi alibe nalo ntchito. Amenewo ndimawapempha kuti ndilipinde, mafelemu akhalebe mʼmapepala awo osatsegula, ndipo malo a mabokosi awiri amalowa anayi kapena asanu. Osunga mabokosi amalipira malo onse.

Pa Mwanza, malisiti akhale mʼmanja ndipo a MRA muwauze chilungamo: zidole za pulasitiki zolumikiza, zomwe pa ndandanda wa msonkho zimagwera mʼgulu la 9503. Ambiri amaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku Joni chimachepetsedwa msonkho chifukwa cha mgwirizano wa SADC. Ayi, mgwirizanowo umayangʼana komwe katundu anapangidwa, ndipo uyu ngwa ku Japan. Akafuna kuona, tsegulani bokosi nokha. Mapepala amkati ndi oonekera, palibe chifukwa chowangʼambira.

Mtengo ndimautchula mʼmarandi, ndi kuwonjezera thiransipoti, msonkho ndi phindu langa, ndipo theka munthu amapereka ndisananyamuke. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali atalonjeza mitengo mʼmakwacha anadya mpamba wawo.

Ndalama yokhazikika ili mʼzida zokongoletsera. Aliyense amafuna kapulayazi kodulira kotchedwa nipper, kampeni kakuthwa, ndi sandipepa wosalala wofufutira zipsera za podula. Akazolowera amafuna zolembera za Gundam Marker, inki yolowetsa mʼtimizere kuti loboti ioneke ngati makina enieni, zomata zonyowetsa mʼmadzi, ndi penti yopopera pamwamba yochotsa kunyezimira kwa pulasitiki. Izi zimatha, ndiye munthu amabweranso. Zitini zopopera zimayaka moto, pandege sazilola, choncho wodzera pamsewu ndiye amapeza nazo msika, komabe mufunse kaye eni galimoto ngati akulola. Ndikagulitsa inki ya mʼtimizere ya kampani ya Tamiya ndimachenjeza kuti ikadikha pa pulasitiki yosapaka kanthu imaisweketsa, makamaka mʼmalo opindika. Ndimamva chisoni kuona MG ya munthu itathyoka bondo chifukwa palibe anamuuza.

Ngati mukufuna kuyesa, gulani HG imodzi kapena Entry Grade, yomwe ndi yosavuta kuposa zonse, muimange nokha kuti mafunso a makasitomala muziwayankha ndi manja odziwa. Kenako pezani anthu atatu kapena anayi otsimikiza, mulandire theka, ndipo pa ulendo woyamba muwonjezere ma nipper angapo ndi zolembera zakuda ndi zotuwa.