Akati "chiopsezo chawirikiza kawiri", chachokera pa zingati?

Sabata yatha mayi wina anandilembera pa imelo ali ndi nkhawa. Pa gulu lawo la WhatsApp pakuzungulira uthenga woti mapiritsi olera amawonjezera ndi 100 peresenti chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha. Akufunsa ngati nambalayi ndi yoona, komanso ngati asiye kumwa.

Mayi, chonde musasiye musanakaonane ndi a chipatala. Za nambalayo ndikufotokozereni bwinobwino, chifukwa inapwetekapo kale anthu ambiri.

Mu Okutobala 1995, komiti ya boma la Britain yoona za chitetezo cha mankhwala, ya Committee on Safety of Medicines, inachenjeza kuti mitundu ina yatsopano ya mapiritsi olera ikuwirikiza kawiri chiopsezo cha kuundana kwa magazi poyerekeza ndi mapiritsi akale. Nkhaniyi inali ponseponse, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo amayi ambiri anangosiya kumwa chifukwa cha mantha.

Komitiyo sinaname ayi. Chimene sichinamveke ndi pamene nambalayo inayambira. Mwa amayi 7,000 alionse omwa mapiritsi akale, mmodzi ndiye ankapezeka ndi vutoli. Mwa 7,000 omwa atsopanowo, ankapezeka awiri. Kuchoka pa mmodzi kufika pa awiri ndi 100 peresenti ndithu, masamu ake ndi olondola. Koma tangoganizani muli pamsika ndi tomato wanu, dzulo munagulitsa mulu umodzi, lero mwagulitsa iwiri. Malonda akwera ndi 100 peresenti, koma dengu likadali lodzaza ndipo ndalama yapansalupo siyokwana ngakhale ndiwo za madzulo. Peresenti yokhayokha siikuuzani kuti chinthucho ndi chachikulu bwanji.

Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Akatswiri amayerekeza kuti chaka chotsatiracho, ku England ndi Wales, chiwerengero cha ochotsa mimba chinakwera ndi pafupifupi 13,000. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti mimba payokha imaika mayi pachiopsezo chachikulu cha kuundana kwa magazi kuposa mapiritsiwo. Amayi aja anathawa ngozi yaing'ono n'kukagwera m'yaikulu, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Akanauzidwa kuti "mmodzi wowonjezera mwa 7,000", ambiri akanayamba afunsa kaye dokotala.

Sindikunena kuti vutoli kulibe. Lilipo, ndipo kwa mayi amene lamugwera, 7,000 uja alibe naye ntchito. N'chifukwa chake mukapita ku sikelo kapena kuchipatala, mutenge paketi ya mapiritsi anu muwaonetse anamwino. Muwauze zaka zanu, ngati mumasuta fodya, ngati muli ndi BP, komanso ngati inuyo kapena wachibale wanu anadwalapo matenda a kuundana kwa magazi. Zimenezi ndi zimene amayang'ana posankha njira yokuyenerani, ndipo njira zolerera zilipo zingapo.

Amene anatumiza uthenga pagulu paja muwafunse mwaulemu kuti akunena za mapiritsi ati, poyerekeza ndi ati, komanso mwa amayi angati. Akakuyankhani mundilemberenso, tidzaziwerengere limodzi.