Alamu anuwo musawataye

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kupitiriza kulalikira alamu anu amene amamwa kachasu n'kumanyoza Mulungu. Ine ndikuti musawataye, koma ulaliki muchepetseko.

Werengani Machitidwe 9. Saulo ankapita ku Damasiko atanyamula makalata a mkulu wa ansembe kuti akamange okhulupirira. Ali panjira anagwa pansi ataona kuwala kochokera kumwamba. Hananiya, wokhulupirira wa ku Damasiko komweko, atatumidwa kwa Sauloyo anachita kudandaula kwa Ambuye kuti munthuyo ndi woopsa. Anapitabe, namuika manja, namutchula kuti mbale. Womugwetsa Saulo panjira anali Yesu. Hananiya ntchito yake inali kufika pakhomo basi.

Nanunso alamuwo akadwala kawazondeni, muwaphikire phala. Za Mulungu muwauze asanamwe, muli awiri. Pamaso pa anzawo a kumowa amangofuna kuoneka dolo, sangakumvereni.