Sewerani achimwene, koma foni yanu isagone pafupi ndi bedi la munthu wina

Achimwene, mwafunsa za masewera a akuluakulu aja owerenga nkhani pa foni n'kumasankha mayankho, komanso za kulipira mwezi ndi mwezi pa Patreon, tsamba lolipirirapo anthu opanga masewerawo. Za kulipirazo ndizinena kumapeto. Choyamba musalole munthu kukunyozani chifukwa cha masewera a nkhaniwa. Ndikulemba mtima ukugunda chifukwa mwandikumbutsa zanga za 2023.

Nthawi imeneyo ndinkalondera usiku ku Randburg ku Joni kuno, sikisi mpaka sikisi, ndikukhala ku Rosettenville. Amene munalipo chaka chimenecho mukukumbuka load shedding ya stage 6, geti lamagetsi osagwira, iwe uli m'kanyumba ka mlonda ndi tochi basi. Masewerawa ndi amene ankandithamangitsira tulo. Ukawatsitsa kamodzi pa wifi safunanso data, ambiri amapangidwa ndi pulogalamu yaulere ija ya Ren'Py ndipo zonse zimakhala m'foni momwemo. Anthu akamva kuti ndi a akuluakulu amaganiza kuti ukangotsegula ndi maliseche okhaokha. Ayi ndithu. Amene ndinkasewera ine anali a mnyamata wobwerera kwawo bambo ake atamwalira, n'kupeza lesitilanti ya banja yamira m'ngongole. Umawerenga maola ndi maola asanagwirane ngakhale dzanja ndi mkazi aliyense. Munali mtsikana wina wowerengera ndalama, pakamwa pake moto, ankamunena mnyamatayo pa chilichonse mpaka kadulidwe ka anyezi, ine n'kumaseka ndekha m'bandakucha, galu wa pamalopo kuyamba kuuwa. Ukamuyankha mwachipongwe amasunga mumtima, n'kudzakukumbutsa patapita machaputala angapo. Chimakoka munthu ndi chimenecho, zimene wayankha zimakutsata, ndipo pamakhala wina woseka nawe, kuno kumene usiku wonse mawu amene umamva ndi akuti tsegula geti.

Tsono ndinkakhala chipinda chimodzi ndi munthu wa kwathu kwenikweni. Atafika pa Park Station analibe pogona, ndinakamutenga ndine, matiresi ndinamugulira ndine, ganyu yoyamba ndinamupezera ndine. Lendi anasiya kusonkha. Loweruka lina ndinamufunsa bwinobwino, popanda mkangano, kuti landilodi akundivutitsa. Anangoti chabwino. Lamlungu m'mawa ndabwera ku ntchito maso ali gwa, ndaika foni pa chaja, ndipo soketi inali imodzi yokha, kumutu kwa matiresi ake. Ndagona. Iye anatsegula foniyo, nambala yotsegulira ankaidziwa chifukwa ndinkamubwereka akafuna kuimbira mayi ake. Anafufuza mpaka kupeza chithunzi chimodzi cha m'masewera aja chimene mnyamata ndi mtsikana uja akupsompsonana, mkaziyo atangomanga thaulo, n'kuchijambula ndi foni yake. Mukudziwa mmene zithunzi zopangidwa ndi pulogalamu ya Daz 3D zimaonekera ngati anthu enieni, ukazijambulanso ndi foni ina n'kuzitumiza pa WhatsApp, palibe wa kumudzi angadziwe kuti si munthu weniweni. Anatumizira alamu anga, pansi n'kulemba kuti onani mzungu amene akudya ndalama za feteleza.

Ndinadzuka masana foni itadzaza ndi ma missed call. Ndaimbira mayi a kunyumba, mawu osatuluka, kulira kokhakokha, kumbuyo ndikumva mwana wanga wamng'ono akufunsa kuti amayi mwatani. Ndaimbira mayi anga, akuti mwana wanga watichititsa manyazi. Pofika madzulo ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali atasonkhana pakhonde pa apongozi, foni aiika pa sipika, ine ndaima panja pa fulati chifukwa m'chipindamo munali mwini nkhaniyo akudya nsima mosatekeseka. Amalume anafunsa katatu konse: dzina lake ndani, amakhala kuti, makolo ake mwawaona? Ine ndikufotokoza kuti amalume, munthuyu kulibe, anamupanga pa kompyuta, ndi nkhani yowerenga. Kunangoti zii. Kenaka wina kumbuyo anaseka, sindidzaiwala kaseko kameneko. Apongozi aakazi akuti ndiye bambo wa ana atatu mwapita ku Joni kukafunsira chidole? Netiweki kuduka, kuimbanso, kuyambiranso kufotokoza. Pomaliza mayi a kunyumba anatenga foni n'kufunsa chapansipansi kuti ngati ndi chidole, nanga bwanji mumacheza nacho usiku wonse, ine mukandiimbira timangonena za ndalama basi? Ndinakhala pansi pa masitepe. Usiku umenewo kwathu amakhala atagona, netiweki ya kumudzi mukuidziwa, bandulo ndimagula ndine mbali zonse ziwiri, koma ukanena zimenezo pamaso pa ankhoswe zimamveka ngati ukuzemba mlandu. Ndinapita ku ntchito osadya kanthu.

Ukwati unapulumuka chifukwa mlongo wanga wa ku Lilongwe ndinamutumizira vidiyo yoonetsa mmene ndimadinira mayankho, iye n'kukwera minibasi kukawaonetsa onse. Koma dzina lachipongwe limene anandipatsa kumudzi lilipobe.

Munthu ameneyo, abale inu! Amabetcha mpira tsiku lililonse, ndalama ya lendi inkathera komweko, koma Lamlungu ndi iye woyamba kunyamula Baibulo. Akanakhala kuti ankandidera nkhawa akanandidzutsa n'kundifunsa maso ndi maso. Anafuna kungonditseka pakamwa kuti ndisafunsenso ndalama yanga, ndipo anali wokonzeka kupasula banja la ana atatu chifukwa cha zimenezo. Nditamufunsa akuti ndimangofuna kukuthandizani. Kundithandiza? Anasamuka ndili ku ntchito, ketulo yanga n'kupita nayo. Njoka ndinaifunditsa bulangete langa ndekha.

Ndiye ine ndikuti palibe chobisa apa, ndinu munthu wamkulu. Auzeni alamu athu nokha, muwafotokozere nkhaniyo, mwinanso adzaseka nanu. Koma foniyo ikani loko ya chala, masewerawo muwabise m'foda yokhoma, ndipo nambala yotsegulira musapatse munthu, ngakhale wa mimba imodzi. Foni imene ana amaseweretsa musaikemo n'komwe.

Za Patreon, musalipire mwezi ndi mwezi. Ambiri opanga masewerawa ndi munthu mmodzi kapena awiri, chaputala chatsopano chimatha miyezi yambiri chisanatuluke, ena amangosowa nkhani ili pakati, inu madola 5 akuchoka mwezi uliwonse, ndalama yoti ikapita kumudzi ikagula ndiwo. Ngati muli ndi laputopu dikirani otha kale mugule kamodzi pa Steam, sitolo ya masewera ya pa intaneti, anayamba kulola a akuluakulu mu 2018. Mukagula tsitsani musunge, chifukwa mu July 2025 Steam anachotsa ena ndipo a sitolo ina ya itch.io anabisa ambiri, makampani a makadi olipirira atawapanikiza. Pa Google Play simuwapeza, salola zoterezi, ndiye fayilo ya APK, yoikira masewerawo m'foni, muzitenga pa tsamba la mwini wake yekha, osati m'masamba aja ogawa zaulere, foni yomweyo ndi imene muli app ya kubanki.

Ineyo wopanga masewera a lesitilanti uja ndimamulipirabe, sindinadumphitseko mwezi, chifukwa tonse tikasiya mnyamatayo asiya kulemba ndipo sindidzadziwa ngati awiri aja adzakwatirane. Ndipo amene muli m'gulu muno mukumudziwa munthu ndikunenayu, muuzeni kuti ndalama yanga ya lendi ndi ketulo ndikuzifunabe.