Manyowa a padzala la kumsika anandiphera mbuzi

Mayi, inu amene mukufunsa ngati mungathire manyowa a padzala la kumsika, manyowawo asayandikire dimba lanu, chifukwa ine anandiliza. Chaka chatha ndinagula ngolo zitatu kwa bambo wina kuno ku Linthipe, amene analumbira kuti munali ndowe ndi masamba a kabichi okhaokha, ndipo poona kuti anali akuda bii, ndinathira m'munda wa kachewere osawafukula n'komwe.

Titakumba kachewereyo ndinalowetsamo mbuzi kuti zidye zotsalira. Yaikazi, yomwe inali ndi bere, inayamba kuwonda mimba yokha ikutupa, inasiya kubzikula, kenako tinaipeza itauma m'khola m'mamawa. Titang'amba chifu tinatulutsamo chimpira cha majumbo akuda ndi abuluu opotana ndi ulusi wa matumba, cholimba moti mpeni unkaterereka, ndipo mwana wanga amene ankaiweta anakhala pansi n'kuyamba kulira. Nditapita kwa bambo uja anandiyankha kuti iye sanaitane mbuzi yanga, pamene ankadziwa bwino lomwe zimene anakweza m'ngolomo. Mpaka lero sanapepese.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi dothi. Majumbo aakulu ndinatola, koma ndikatapa dothi m'manja ndimaona tizidutswa tochepa kuposa njere ya mpunga, tosatoleka. Pulasitiki saola ngati masamba, dzuwa ndi khasu zimangomuphwanyaphwanya, ndipo tizidutswato tikachepera mamilimita 5 ndi timene akatswiri amatitchula kuti microplastics. Mvula ikagwa timakokoloka kulowa mumtsinje wa Linthipe, umene umakathira m'nyanja ku Salima, komwe kumachokera nsomba zimene timadyetsa ana athu. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 kuchindikala kwake (micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) mu 2015, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma tomato wa pamsika akumangidwabe m'majumbo omwewo, amene mawa lake amakathera padzala.

Komabe ndikudziwa mmene feteleza wakwerera mtengo, choncho ngati mulibiretu pogwira, tengani ngolo imodzi yokha, muwayanike, muwasefe ndi waya wa mabowo ang'onoang'ono musanathire, ngakhale kuti tizidutswa tina ta pulasitiki tidzadutsabe. Zotsala pa sefazo musaziotche pafupi ndi nyumba, utsi wake ndi woipa pachifuwa, ndipo mbuzi zisalowemo m'dimbamo mukakolola.