Madzi a m'thanki ya nsomba angoti mbuu, vuto ndi fyuluta?

Funso: Ndili ndi thanki yatsopano ya malita 60, ndipo nsomba ndinaziika tsiku lomwe ndinathira madzi. Poyamba munkaoneka bwino, koma pano madzi angoti mbuu ngati mwadonthera mkaka. Ndinakhuthula madzi onse, n'kutsuka siponji ya fyuluta pampopi mpaka kuyera, koma kutacha anali atatuwanso. Kodi ndigule fyuluta ina?

Yankho: Musagule ina. Ngati pampu ikulira bwino ndipo madzi akutuluka mwamphamvu, fyuluta yanu ilibe mlandu. Chimene chikubwezera vutoli ndi kutsukako, ndiye yambani mwasiya.

Siponji ija ntchito yake si kugwira zinyalala kokha. Ndi malo okhala mabakiteriya amene amasintha amoniya, poizoni wochokera ku nsomba ndi ku zakudya zowola, kukhala nitrite, kenako nitrate amene saopsa kwambiri. Mabakiteriya amenewa amaswana pang'onopang'ono, moti thanki yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti ikhazikike. Pa nthawi imeneyi mtundu wina wa mabakiteriya, woswana msanga, umachuluka m'madzi momwemo n'kumadya zotsalira. Kutuwa mukuonako ndi iwowo. Tsono madzi a pampopi amakhala ndi kulorini, ndipo mukatsukira siponji mumapha aja mukuwafuna. Thankiyo imayambiranso pachiyambi.

Kutuwako pakokha sikupha nsomba, ndipo kawirikawiri kumatha kokha pakapita masiku angapo kapena sabata ndi kanthu. Chondidetsa nkhawa ine ndi amoniya, chifukwa saoneka ndi maso. Pezani mankhwala oyezera madzi, aja odontheza m'kabotolo. Amoniya ndi nitrite ziyenera kukhala pa 0. Zikakwera, chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo, apa ndiye malita 15, n'kuthiramo ena ofunda mofanana, amene mwathiramo kale mankhwala ochotsa kulorini. Kugoneka madzi m'ndowa usiku sikukwanira nthawi zonse, poti m'malo ena amathira chloramine, mtundu wina wa kulorini, ndipo ameneyu sauluka. Ziyang'aneninso nsombazo. Zikamakwera pamwamba n'kumayasamula kukamwa mofulumira, mpweya wachepa chifukwa mabakiteriya ochulukawo akuulimbirana nazo. Ikani pampu ya mpweya, kapena lozetsani paipi ya fyuluta pamwamba kuti madzi azigwedezeka.

Chakudya chepetsani ndithu. Kamodzi patsiku, chimene zingamalize pa mphindi ziwiri, basi. Anthu ambiri amadyetsa mopitirira chifukwa nsomba zimathamangira pagalasi zikangoona munthu, koma chotsala chilichonse chimakawolera m'timiyala. Musaonjezere nsomba zina panopa. Fyuluta isazimitsidwe ngakhale usiku, ndipo siponji ikatsekeka ifinyeni kawiri katatu m'ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thanki. Ibwerere momwemo idakali yoderapo.

Funso: Mnzanga thanki yake ndi yakale, koma madzi ake ali biriwiri. Ndi vuto lomweli?

Yankho: Ayi, ndi lina. Tungani madziwo m'kapu yoyera mkati kuti muone mtundu wake weniweni. Akakhala obiriwira, ndi ndere zing'onozing'ono zoyandama, ndipo zimakula ndi kuwala pamodzi ndi nitrate wochuluka. Thanki ichoke pamene dzuwa limawomba, nyale yake iziyaka maola 6 mpaka 8 patsiku. Zikachuluka kwambiri, azimitse nyale n'kuphimba thanki yonse ndi nsalu yochindikala kwa masiku 3 kapena 4, pampu ikugwirabe ntchito. Kusintha madzi kokha sikuzithetsa, zimaswananso msanga. Chipangizo cha UV sterilizer, chopha tizilombo ta m'madzi ndi kuwala kwapadera, chimazipha bwino, koma kuwala kukapanda kuchepetsedwa zidzabwerera akadzachichotsa.

Madzi akakhala achikasu kapena oderako koma ooneka mkati, nthawi zambiri ndi utoto wochokera ku chikuni chokongoletsera. Suvulaza nsomba, ndipo activated carbon (makala apadera osefera madzi) m'fyuluta amauchotsa. Akatuwa nthawi yomweyo mwangothira madzi, limenelo ndi fumbi la mchenga kapena timiyala tosatsuka bwino. Ikani thonje la fyuluta losalala kuti ligwire fumbilo, ndipo muzilisintha likada.